Magetsi Akachepa M'ndege, Umayamba Kuzimitsa Chiyani?

Wezi mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, miyendo ndaisanjika pa kampando monga adokotala analamulira. Nyumba ili zii chifukwa iwe wapita ku Manyamula kukatsazika asibweni ako a Yotamu. Amayi ako ali kuseri, akukuchapira zovala zomwe unachapa kale wekha dzulo. Ukabwera usawaletse, manja awo akusowa chogwira.

Ndikulemba chifukwa pakamwa umandiposa. Ndikangoyamba kulankhula umandidula ndi "Adada, ndamva," usanamve n'komwe. Unatengera ine, ndiye sindingadandaule. Koma pepala sungalidule mawu. Mawa ukukwera basi ya ku Lilongwe, mkuja ndege, kupita kudziko la eni kukaphunzira za magetsi a m'ndege, ndipo pali nkhani imodzi yomwe sindikufuna kuti unyamuke nayo tisanaikonze.

Amayi ako andiuza zomwe unawanong'oneza kukhitchini. Anabwera pano dzulo manja ali m'chiuno. "Awiske Wezi, mwana wanu uyu akuti mukangodwalika pang'ono mbwenu sukulu waisiya, wabwera. Akuti majekete a mphepo sagula ambiri chifukwa sakakhalitsa. Muyankhule naye, ine wandikanika." Usawakwiyire. Unali nane kuchipatala kuno ku Boma, unamva wekha zomwe adokotala ananena za mtima wangawu, kuti mankhwala angouthandiza kuyenda koma sangaubwezere mwakale. Sindikukana zimenezo. Koma ukapita mwendo wina uli kuno wina uli uko, sukuluyo sukaimaliza, ndipo mwayi wotere subwera kawiri pakhomo pa munthu wokonza mamota ku Mzimba.

Tsiku lija unandijambulira ndege kuseri kwa kalendala ndinachita ngati ndikuzidziwa kale zonse, koma kunena zoona ndinazizwa. Ine ndege sindinaikwerepo, ndimangoiona ikudutsa kumwamba kwa Viphya, ndipo ndinkayesa kuti magetsi ake ndi a nyali ndi wailesi basi. Iwe unati ayi, ndege za masiku ano zikusiya pang'onopang'ono mapaipi a oyilo ndi mpweya wotentha wochokera ku injini. Mabuleki akugwira ndi magetsi, mapiko akutenthetsedwa ndi magetsi kuti madzi asaundanepo, mpweya womwe anthu akupuma m'katimo ukupopedwa ndi mamota, ngakhale timapiko tokhotetsera ndege tikukankhidwa ndi magetsi. Ndinakufunsa kuti nanga jenereta imodzi ikafa kumwambako, poti kulibe poimika makwerero? Unaseka. "Ndiye ntchito yangayo, Adada. Kuphunzitsa makina kuti mphamvu ikachepa adziwe choyamba kuzimitsa. Uvuni wotenthetsera chakudya uzime, timakanema ta pamipando tizime, koma zomwe woyendetsa akuonera njira zisaphethire n'komwe." Ntchito imeneyo ndi yomwe ine ndalimbana nayo moyo wanga wonse pansi pano, ndipo pafupifupi zonse ndinaziphunzira nditawononga kaye zinthu za eni. Ndiye leka ndikupatse zolakwa zangazo uzinyamule. Sizilemera, ndipo pabwalo la ndege sakaziyeza pa sikelo.

Ndili mnyamata, nditangofika kumene kuchokera kwathu ku Dedza, Chitumbuka ndikungodziwa "yewo" yekha, zikomo wa kuno, ndinalembedwa ntchito pamalo ena ochekera matabwa ku Chikangawa kuti ndiziyang'anira jenereta. Tsiku lina m'nyengo yozizira, chifunga chili tolo m'mapaini, magetsi anathima malole atandanda kale kudikira matabwa. Kapitawo anandikakamira ngati nkhupakupa. Ndinaliza jenereta, ndipo pofuna kuoneka wochangamuka ndinakweza maswichi onse nthawi imodzi: macheka aakulu, chopalira matabwa, chokoka utuchi, pampu ya madzi. Iwe ukudziwa kuposa ine kuti mota ikamadzuka imamwa mphamvu yochuluka kuposa ikamayenda. Jenereta inabuula, inatsokomola utsi wakuda, kenako tinamva fungo la waya wopsa. Ntchito inaima mpaka zipangizo zitabwera kuchokera ku Blantyre, ndipo anthu aganyu anabwerera kwawo chimanjamanja chifukwa cha changu changa. Anandipatsa dzina loti Zonse Pamodzi, ndipo pali madalaivala okalamba amene amandiitana choncho mpaka lero tikakumana pamsika. Ukafika uko, Wezi, ukapeza zambiri zofuna kuyatsa: kwaya ya kutchalitchi, kaganyu ka madzulo, gulu la Amalawi okumana Loweruka, ndi mnyamata wina wa mawu okoma amene sindikumudziwa koma ndayamba kale kudana naye. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Yamba ndi sukulu, uidikire ikhazikike, ndiye uyatse china.

Nkhani ya chigayo cha asibweni ako unaimva, koma unaimva kwa iwo, ndipo iwo amaithira mchere. Imva kwa ine. Fyuzi inkangopsa, ndikasintha n'kupsanso. Munthu wanzeru akanafunsa kuti chikuipsereza n'chiyani. Koma inali nthawi yokolola, azimayi atadzaza pabwalo ndi malichero ndi matumba, ena atachokera kutali pa njinga, dzuwa likupendeka. A Yotamu anandikokera pambali. "Mlamu, ndapota, ikanipo chilichonse chigwire. Azimayi awa andimaliza ndi pakamwa." Ine ndinali mkamwini wofuna kukondedwa kuchikamwini kwa eni ng'ombe, ndiye ndinatenga waya wonenepa wa kopa n'kumanga pamalo pa fyuzi. Chigayo chinalira, azimayi analuluta, ine n'kumayenda ngati ndagula dziko. Ufa usanakwane malichero angapo, mota inapsa yonse, ndipo moto unatsala pang'ono kugwira denga. Vuto linali beringi, kachitsulo komwe mota imazungulirapo, yomwe inkagwira, ndipo kafyuzi kaja kankayesetsa kutiuza. Kanthu kakang'ono kamene ntchito yake ndi kukana, ine ndinakachotsa chifukwa ndinkachita manyazi kukana.

Kumbukira zimenezi kawiri, mwana wanga. Koyamba kuntchito: tsiku lina wamkulu wina adzakuuza kuti chitetezo chomwe waika chikuchedwetsa zinthu, uchifewetse pang'ono. Udzamufunse kaye kuti chikulira chifukwa chiyani. M'ndegemo mumakwera amayi a anthu. Kachiwiri pafoni yako. Ukangotera uko, abale onse a ku Dedza ndi a kuno adzakumbukira kuti anakunyamulapo uli wakhanda. Wina adzafuna foni, wina feteleza, wina umupezere sukulu, wina angofuna umumvere mavuto ake usiku wonse mawa uli ndi mayeso. Si anthu oipa, ndi anthu athu, ndipo tsiku lako lowathandiza lidzafika. Koma uphunzire kunena kuti "pakali pano sindingathe" mwaulemu, mawu osanjenjemera. Ukakana sudzafa, ndipo iwonso sadzafa.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono tomwe mabuku ako mwina sakanena. Munthu akakuuza kuti "ndazimitsa," umuthokoze, kenako ukaone wekha. Polumikiza waya pakakhala polobodoka pamatentha mwakachetechete, ndipo pamadzaonekera tsiku lomwe aliyense watanganidwa. Batire imene yatupa usaikhululukire. Ndipo uzidya, Wezi. Iwe ukagwira buku umaiwala pakamwa, ndipo kumeneko kulibe amayi ako okugogodera pachitseko ndi mbale.

Cholakwa chomwe chimandiwawa kwambiri pa ntchito yanga sichinatulutse utsi. Unali ku pulayimale nthawi imeneyo. Anandipatsa ntchito yoika sola pa kachipatala kena kakang'ono kumudzi, kumwera kwa boma lino, njira yake yafumbi yoti mvula ikagwa galimoto siyesa n'komwe. Ndinaika mapanelo bwinobwino, mabatire atsopano, waya woyalidwa mooneka bwino moti ndinkafuna wina andijambule. Koma zonse ndinaziika pa mzere umodzi: filiji ya katemera, nyali za m'chipinda chochilira, ndi masoketi a pakhonde. Masoketiwo anachita kundipempha anthu a m'mudzimo, ndipo ine, monga waona kale, kukana kunkandivuta. Poyamba ankatchaja foni imodzi imodzi. Kenako kunabwera wometa ndi makina ake. Kenako wina anabweretsa kanema kuti anthu aonere mpira, kunja kuli mitambo sabata yonse. Mabatire anatheratu, filiji inazima, ndipo palibe anadziwa mpaka tsiku la sikelo. Anandiitana. Ndinapeza azimayi atakhala pansi pa mtengo ndi makanda kumsana, ena atanyamuka kwawo kusanache, ndipo namwino, mayi wina wa ku Mulanje wosakonda mawu ambiri, akuwauza kuti abwerere, katemera wafunda, sangabaye ana. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, magetsi anu ndi achilungamo kwambiri. Mpira ndi mwana amawapatsa mofanana." Ndinachita manyazi omwe sindinawaiwale. Tsiku lomwelo ndinadula mzerewo pawiri, filiji ndi nyali zochilira pazokha ndi mabatire azo, masoketi pawokha ndi kaswichi kowadula mphamvu ikangotsika. Anthu a mpira anandida mwezi wathunthu.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna undimvetse, ndipo usandidule. Iwe uli ngati ine wa tsiku limene lija. Ukufuna kuika zonse pa mzere umodzi, sukulu, mtima wa adada ako, misozi ya amayi ako, ndipo ukuyesa kuti chimenecho ndiye chikondi. Ndikudziwa chomwe uyankhe, ndikukumva kale: "Adada, inu si uvuni wa chakudya, inu si kanema wa mpira." Zoona, ndipo zikomo. Koma tayang'ana bwino. Ine kuno ndili ndi ondinyamula. Amayi ako amadziwa mapiritsi anga kuposa adokotala, ndipo mchere anaubisa komwe ngakhale mbewa sizingaupeze. Asibweni ako akangomva kuti ndatsokomola amakhala afika ndi njinga. A kumpingo amabwera mochuluka moti nthawi zina ndimanamizira tulo. Iwe ukabwerera, chomwe udzawonjezere ndi maso awiri ondiyang'ana mapazi otupa. Pamene sukuluyo ilibe wina woinyamula koma iwe wekha. Ukaisiya, palibe msibweni amene angakalembe mayeso m'malo mwako.

Ndipo pali chifukwa china chomwe ndikulimbikira chonchi. Asibweni ako a Yotamu sanayambe ndi chigayo. Usanabadwe iwe anali ku Joni, monga anyamata ambiri a kuno, koma iwo anali ndi mwayi woposa anzawo. Anapeza ntchito pamalo okonzera mafiliji, mwini wake anawakonda, ndipo anali atayamba kuwaphunzitsa ntchitoyo mwadongosolo kuti adzakhale ndi pepala. Agogo ako aakazi atamwalira ku Manyamula, akuluakulu anakhala pansi n'kusankha ine kuti ndikaimbe foni ku Boma, poti ndine ndinkadziwa manambala. Anandipatsanso mawu okanena, mawu omwe tonse timawadziwa. Munthu amene ali kutali sauzidwa kuti kwagwa maliro, amati angakomoke m'njira. Ndiye ndinaima m'kachipinda ka foni, mtembo uli kale m'nyumba, n'kunena kuti, "Mlamu, amama akudwala chomene, akukufunani, bwerani msanga." A Yotamu anafunsa kuti, "Akuyankhula?" Ine ndinati, "Pang'ono." Anasiya ntchito osatsazika bwino, anakwera basi tsiku lomwelo, atanyamula bulangete latsopano ndi mankhwala opaka a amayi awo. Ulendo wa ku Joni suli ngati wa ku Mzuzu. Anafika titaika kale maliro. Pofuna kubwerera, mapepala awo anali atasokonekera, ndipo malo awo anali atapatsidwa wina. Sanapitenso.

Sanandinenepo kwa anthu. Koma tsiku lina patapita zaka, tikumangirira mota yatsopano pa chigayo chija, anandiuza osandiyang'ana kuti, "Mlamu, mukanandiuza zoona ndikanalira komweko, mbwenu n'kudzabwera pa tchuthi ngati munthu. Munandithamangitsira munthu yemwe kunalibe." Ndinangopitiriza kumanga nati yomwe inali yolimba kale. Ine amene ndimauza makasitomala kuti mita yonama ndi yoipa kuposa kukhala wopanda mita, ndinakhala mita yonama kwa mlamu wanga, ndipo moyo wake unakhota pamenepo. Ukadzawaonanso, udzawayang'ane manja. Anali manja oti akanakhala ndi shopu yawo ku Mzuzu.

Ndiye tipangane chonchi, ine ndi iwe. Mbali yathu ndi iyi: sitidzakunamiza. Ndawauza amayi ako, ndawauza a Yotamu, ndipo ndalembera abambo ako aang'ono ku Dedza. Ndikadzagonekedwa m'chipatala udzauzidwa kuti ndagonekedwa. Ndikadzakhala bwino udzamva mawu anga enieni, osati "akupumula, aimba mawa." Ukadzafunsa kuti miyendo ili bwanji, ndidzakuuza mmene ilili, ngakhale itatupa ngati maungu. Palibe amene adzakuimbire kuti "akudwala chomene, bwera msanga" pofuna kubisa china. Amayi ako poyamba anakana, anati si mwambo, mwana angadzagwe yekha m'nyumba ya eni wopanda womugwira. Ndinawauza kuti ndiye upeze okugwira. Choncho ukangofika, peza mayi mmodzi wamkulu, wakumpingo kapena wakusukulu, wamtundu uliwonse, utipatse nambala yake, kuti tsiku la uthenga wolemera tidzayambe taimbira iyeyo abwere akhale nawe. A Yotamu atamva zonsezi anangoti, "Yewo, mlamu," n'kutuluka panja kwa kanthawi.

Mbali yako ndi yovuta kuposa yathu. Poti udzakhala ukudziwa zoona nthawi zonse, sudzakhala ndi chifukwa chogonera ndi chikwama chomangamanga. Gula majekete okwanira. Khoma zithunzi pakhoma. Dzala kanthu mu kachitini pawindo. Ndipo ukadzamva kuti ndadwalika, usadzathamangire kukagula tikiti, udzandiimbire tikambirane ngati anthu awiri a ntchito imodzi, tione ngati n'zofunikadi. Pa tchuthi chachikulu, ngati njira ilipo, bwera, ndidzakondwa mpaka adokotala adzandikalipira. Koma pakati pa maphunziro, ayi.

Usaganize kuti ndikulemba izi mtima uli myaa. Ndinena kamodzi kokha kuti udziwe, ndipo sindidzabwerezanso pafoni: sindikufuna kuti upite. Ndikufuna uzikhala pampando uwo uli apowo, uzinditsutsa za mawaya mpaka dzuwa kulowa. Ndikuopa, Wezi. Pena ndikadzuka mpweya ukuvuta ndimaopa ngati mwana. Koma ndikuopa kwambiri kudzakuona uli ndi zaka za asibweni ako, ukuuza ana ako kuti unatsala pang'ono kukhala munthu wopanga magetsi a ndege, koma adada anadwala. Dzina langa lisadzakhale pa chiganizo chimenecho.

Tsono chomaliza, ndipo ichi ndachikonza kale, sindikukupempha maganizo. Uthenga wolemera uja ukadzakupeza sukulu ili m'kati, usadzakwere ndege. Udzalire komweko mokwanira, udzapemphe masiku ochepa, kenako udzabwerere m'kalasi. Wina aliyense akadzanena kuti mwana wake sanabwere kudzaika bambo ake, amayi ako adzamuyankha kuti ndinalamula ndine, ndipo ukuwadziwa amayi ako akayamba kuyankha. Abale a ku Dedza ndawauza kuti asadzavutike ndi galimoto, ndidzagona kuno, kumene ndakhala zaka zambiri kuposa kwathu, pafupi pomwe amayi ako angamafike wapansi. Maliro sadikira munthu, koma chiliza chimadikira. Ndawauza kuti pasadzaikidwe njerwa ngakhale imodzi, pakhale dothi lokhalokha, mvula igwepo kangati kaya, mpaka iwe utamaliza n'kubwera. Udzasankhe wekha mwala, udzalembepo wekha mawu, ndipo pansi pake udzaike dzina lako ndi zilembo zonse zomwe akakupatse kumeneko, anthu odutsa azidzafunsa kuti ameneyu anali mwana wa ndani.

Zimenezo ndakonza kuti mtima wako ukhale pansi, osati chifukwa ndafulumira ulendo. Mapiritsi ndizimwa, mchere sindiufunafuna, ndipo ndiyesetsa ndi mphamvu zonse zomwe zatsala kuti udzandipeze pakhonde pano, ndidzakufunse mafunso opusa a za ndege mpaka udzatope nane.

Pita bwino, mama. Mulungu akutsogolere pokwera ndi potsika.

Ndine adada ako.